Mmene ndinafukulira bwato la apongozi

Kuseri kwa nyumba yathu kuli chidutswa cha bwato cha buluu chimene abakha amamweramo madzi. Alendo akachiona amafunsa kuti chomwera abakha chokongola chonchi tinachipeza kuti, ndipo ine ndimayamba msanga kukamba za kukwera mtengo kwa nsalu. Mkazi wanga ndiye sachedwa kuyankha. Amangoti, "Afunseni eni akewo, ndi anthu ophunzira." Ndiye poti nkhaniyi pa Kachulu aliyense amaidziwa kale, ndaona kuti kuli bwino ndiifotokoze ndekha anthu asanaithire mchere wina.

Ine ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi doko la Kachulu. Kwathu ndi kumtunda, cha ku Thondwe, kumene madzi aakulu amene ndinkawadziwa ndi a mtsinje ofika m'mawondo. Kuno kunyanja ya Chilwa ndinabwera ndi ukwati, ndine mkamwini, ndipo ndinamanga pamalo a makolo a mkazi wanga. Apongozi anga aamuna ndi msodzi chibadwire, munthu wosalankhulalankhula. Mukhoza kukhala nawo tsiku lonse akusoka ukonde, mawu amene angatulutse osakwana khumi. Ine mwina n'chifukwa chake ndinkawayesa munthu wosadziwa zambiri, Mulungu andikhululukire.

Chaka chimenecho ndinali nditabwerera kusukulu. Mayeso a Fomu 4 ndinalemba kalekale ndipo Chingelezi ndi chimene chinandigwetsa, choncho ndinalembetsa sukulu ya masana kuti ndikalembenso (bambo wa ana awiri, kukhala desiki limodzi ndi ana amene ndinawasokera yunifomu ndi manja angawa). Aphunzitsi athu a Chingelezi, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, anali ndi njira yawoyawo. Lolemba lililonse ankalemba liwu limodzi pa bolodi n'kunena kuti, "Liwu silikhala m'kope ayi. Litengeni mupite nalo kunyumba, kumsika, kudimba. Muzilipangira ziganizo pa zinthu zimene mukuziona, mpaka likuzolowereni." Anzanga ankalemba ziganizo zitatu n'kuiwala. Ine malangizowo ndinawameza onse, mwinanso ndi mbale yomwe.

Sabata ina analemba liwu lakuti durable. Anati limatanthauza chinthu cholimba, chokhalitsa, chosatha msanga. Sindikudziwa kuti liwu limeneli linandidyetsa chiyani, koma linandikomera kuposa onse. Ndikatola singano ndinkanena mokweza kuti, "This needle is durable." Munthu akabwera ndi buluku loti ndiike chigamba, ndinkayamba ndaliweruza kaye m'Chingelezi ndisanalisoke. Tsiku lina mkazi wanga akutsuka mbale ndinamuuza kuti, "Mayi a Tadala, your basin is not durable."

"Ngati mwaona kuti besenili latha, kaguleni lina," anatero osatembenuka. "Osati kumalilalatira m'Chizungu."

Sabata inatha, aphunzitsi analemba liwu lina, koma ine ndinakakamira lomwe lija. Posakhalitsa anthu pamsika anayamba kundiitana kuti a Dyulabo. Ine ndinkayesa ulemu, ndipo ndinkayankha ndi nkhope yowala.

Nthawi yomweyo nyanja inali ikuthawa. Amene simunakhaleko ku Chilwa mwina muyesa ndikukokomeza, koma nyanja yathuyi imachoka. Mvula inavuta zaka ziwiri zotsatizana, madzi anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mpaka pamene maboti ankakocheza panasanduka bwalo la matope. Ku Chisi, chilumba chimene tinkapitako pa boti, anthu anayamba kukamba zopitako pa njinga. Ine ndinkaona ngati dziko likutha. Apongozi ankangoyang'ana, chifukwa iwo anali ataziona kale kawiri.

Anali ndi mabwato awiri. Lina linali lakale, lakuda bii, la mtengo wa mbawa, lokhala ndi zigamba za malata m'milomo mwake. Analisema malume a apongoziwo, mkazi wanga asanabadwe, ndipo kunena zoona linkaoneka ngati chinthu choyembekezera moto. Linalo linali latsopano, la mtengo wa mango, losalala bwino, losakwana zaka zitatu. Limeneli apongozi analisemetsa chifukwa cha ife. Asodzi awiri ankapita nalo panyanja n'kumatigawira nsomba, ndipo ndiwo za pakhomo pathu, sopo ndi makope a ana zinkachokera m'menemo masiku amene makina anga angokhala chete.

M'mawa wina apongozi anaima pakhomo n'kunena kuti, "Apongozi, tengani khasu. Tikagoneke mabwato."

Ndinayesa tikukawakokera pamthunzi. Ayi ndithu. Tinawakankhira m'mbali mwa njedza, udzu wautali wa m'madambo a nyanjayi, pamene matope anali akadali ofewa, n'kukumba maenje awiri aatali ngati manda. Tinatsitsiramo mabwato aja, n'kuwadzaza matope mpaka pakamwa, pamwamba n'kuyala njedza, kenako matope enanso. Ine mtima unkandipweteka. Kwathu kumtunda mtengo umasungidwa pouma, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti nsanamira imawolera pansi. Ndinapirira mpaka ndinalephera.

"Pepani bambo, ndifunse nawo. Kodi mtengo suwola m'matope chonchi?"

Anandiyang'ana, n'kupukuta manja pa kabudula. "Bwato limafa ndi ludzu," anatero.

Anathera pomwepo. Kenako anaima pamwamba pa maenje aja n'kuyamba kutembenuka pang'onopang'ono, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, milomo ikugwedera. Anandiitana kuti ndione nawo chinachake cha ku phiri la Chisi, ndipo ndinavomera kuti ndaona, koma mutu wanga unali kwina. Ndinali kalikiliki kupanga chiganizo cha Chingelezi chonena kuti njira imeneyi si yokhalitsa.

Patatha masiku atatu ananyamuka kupita ku nyanja ya Chiuta, kumene mng'ono wawo amasodza, kuti akagwireko ntchito mpaka madzi adzabwere. Potsanzika anandiuza mawu ambiri kuposa amene anali atandiuzapo chikwatirire mwana wawo. "Latsopano lija ndi lanu ndi anawa. Nyanja ikabwera ndi limene lidzakudyetseni. Lisiyeni ligone."

Ndinalisiyadi, masabata atatu. Koma tsoka silinunkha. Tsiku lina ndinakwera minibasi kupita ku Zomba kukagula ulusi ndi mazipi, ndipo ndikudutsa pa sitolo ya zipangizo zomangira maso anga anagwera pa chitini cha penti wa buluu. Pachitinipo, m'zilembo zikuluzikulu zofiira, panali liwu langa lija. Abale, ndinamva ngati ndakumana ndi m'bale wanga pakati pa tauni. Ndinachinyamula, ndinachiwerenga mbali zonse, ndinafunsa wogulitsa ngati pentiyo amagwira pa mtengo. Iye anati amagwira paliponse, mvula kaya dzuwa (wogulitsa akanati chiyani?). Pobwerera m'minibasi chitini chili pamiyendo, ulusi nditagula theka la umene ndinapitira, nzeru zonse zinali zitakwana. Ndifukula bwato lathu lisanawole, ndiliumitsa, ndilipaka penti, ndipo apongozi akadzabwera adzapeza chinthu chimene sanachionepo. Ndinkawaona m'maganizo akugwedeza mutu, akuuza anzawo kuti mkamwini wophunzira ndi dalitso.

Mkazi wanga atamva anasiya kupeta mpunga.

"Bambo anati ligone."

"Bambo sanamuone penti uyu."

"Nanga inu nyanja kuuma munaionapo?"

Ndinangochokapo, chifukwa munthu wophunzira salimbana ndi funso lililonse. Mawa lake ndinapeza amuna anayi amene ankangoswera bawo pa doko poti nsomba kunalibe, ndinabwereka ngolo, ndipo tinapita kukafukula. Pamwamba matope anali atauma gwa, koma pansi anali ozizira, onyowa. Bwato linatuluka lolemera ngati ng'ombe yakufa, likudontha madzi akuda. Ine ndinati, "Mwaona? Tikanachedwa sabata imodzi basi." Amuna aja anangoyang'anana.

Tikudutsa pa doko tinakumana ndi Che Amidu, mmisiri wokhoma maboti, munthu wa nthabwala amene amandibweretsera mikanjo yake kuti ndimusokere. Anaimitsa ngolo ndi dzanja.

"Achimwene, maliro awa mukupita nawo kuti?"

Ndinamufotokozera zonse, mpaka ndinamuonetsa chitini. Anachitembenuza, ananunkhiza chivindikiro, n'kundibwezera.

"Penti ndi wabwino uyu. Koma mukalibweze kumene mwalitenga, lero lomwe, dzuwa lisanalione. Mwezi uno si wocheza nawo."

Ndinamuthokoza mwaulemu, mumtima ndikuti nsanje ya amisiri ndimaidziwa. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Ine ndinaposa pamenepo, chifukwa ndinachita kuuzidwa ndi anthu atatu osafunsa, phulalo n'kudyabe.

Pachitini panalembedwa kuti mtengo uyambe wauma bwinobwino usanapakidwe. Choncho ndinatsuka bwato lija, ndinaliika pa njerwa pakati pa bwalo, pamene panalibe mthunzi ngakhale wa udzu, ndipo ndinkalitembenuza m'mawa ndi masana kuti dzuwa la Okutobala lifike paliponse. Masabata awiri. Linapepuka, linayera, ukaligogoda linkalira ngati ng'oma. Timing'alu ting'onoting'ono tinayamba kuoneka kumphuno kwake, koma ndinati penti atseka. Ndinapaka kamodzi, ndinapakanso kachiwiri, ndipo m'mbali mwake ndinalemba ndi penti woyera liwu langa lija, zilembo zazitali ngati mkono, kuti ngakhale a ku Chisi aziwerenga.

Kunena chilungamo, linakongola. Anthu ankapatuka panjira kudzaona. Amayi ena anajambulitsa ana awo atakhala m'menemo. Masiku anayi amenewo ndinayenda ngati mwini Kachulu.

Tsiku lachisanu, Loweruka, dzuwa lili paliwombo, ndinali pansi pa mtengo wa mango ndikupinda siketi ya munthu. Ndinangomva kuti khaa! Nkhuku zinabalalika, galu wa oyandikana nawo anathawira m'nyumba, ine singano inandilowa m'chala. Anthu akamati dzuwa likuswa mtengo ndinkayesa ndi kukometsa chabe chilankhulo. Nditafika pa bwato ndinapeza mng'alu wochokera kumphuno, kudutsa pansi penipeni, mpaka kupitirira pakati. Unali woti n'kulowetsamo dzanja. Ndinasuzumira, ndinaona nyerere zikuyenda pansi.

Mutu unaima. Ndinathamangira ndowa, ndinathira madzi, ndinathiranso, ngati kuti bwato lingamwe n'kutsitsimuka. Madzi onse ankangodutsa n'kukanyowetsa njerwa. Mkazi wanga anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi n'kuvomereza kuti madzi akatayika sawoleka. Koma ine ndine telala, ndipo telala akaona chong'ambika manja amamuyabwa. Ndinatenthetsa msomali, ndinaboola timabowo mbali zonse ziwiri za mng'alu, mwadongosolo ngati mabatani a malaya, ndinatenga waya n'kuyamba kusoka. Ndikakoka waya kuti milomo ikumane, mtengo woumawo unkathetheka pakati pa bowo ndi bowo. Pofika madzulo mng'alu umodzi uja unali utabereka ana. Ndinatumiza uthenga kwa Che Amidu, ndipo anabwera, anazungulira bwato kawiri, anagwada n'kuyang'anitsitsa ntchito yanga.

"Msoko ndiye ndi wowongoka, achimwene, sindinama. Koma ili si buluku."

"Simungalikonze?"

"Likanang'ambika m'mbali, bwenzi tikukamba za lata ndi phula. Koma apa ndi pamsana. Ine ndimakhoma maboti, sindidzutsa akufa."

Chimene ndinachita pambuyo pake ndi chimene ndimachita nacho manyazi kwambiri. Ndinabwerekanso ngolo ija, ndinaitananso amuna anayi aja (anabwera mothamanga, osafunsa n'komwe za malipiro, poti zoterezi sizionekaoneka), ndipo tinakalibwezera m'dzenje lake, pambali pa lakale lija. Tinalidzaza matope, tinayala njedza, ndinasalaza pamwamba ndi manja kuti pasaoneke kuti panakumbidwa.

"Ndiye mukubisira ndani?" anafunsa mkazi wanga. "Kachulu yense analiona. Ena ali nalo m'mafoni."

"Mwina matope alilumikiza," ndinatero. Ndipo ndinkakhulupiriradi pang'ono. Masabata angapo m'mbuyomo ndinkati matope amawoletsa mtengo, tsopano ndinkayembekeza kuti achite zimene mmisiri walephera.

Miyezi yotsatira inali yowawa kwa aliyense. Pamene panali nyanja panali chigwa choyera chong'ambikang'ambika, mphepo ikuulutsa fumbi la mchere, njinga zikudutsa kupita ku Chisi. Mabwato amene eni ake anangowasiya pamtunda anali mbwee, atayasama ngati langa. Kutchalitchi Lamulungu lililonse tinkapempherera mvula kuti nyanja ibwerere. Ndiulule pano poti ndayamba kale kuulula: anzanga akamati ameni mokweza, wanga ankatuluka wochepa. Nyanja ndinkaifuna, ana anga anali ataiwala kukoma kwa matemba. Koma ndinkadziwa kuti nyanja ikabwera, apongozi abweranso.

Mvula inagwa, ndipo inagwa yeniyeni. Masiku ambiri phiri la Zomba silinkaoneka, mitsinje inadzaza, ndipo m'mawa wina mu Febuluwale tinamva anthu akuitanizana kuti tikaone. Ndinasiya makina n'kupita ku doko. Sindinaonepo chinthu chotero ndipo sindikudziwa ngati ndidzachionanso. Madzi ankabwera opanda mafunde, opanda phokoso, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wobwerera kwawo amene akudziwa kuti palibe angamulande malo. Ankayamba alowa m'ming'alu ya nthaka, ming'aluyo n'kumatulutsa thovu ndi kamluzu kakang'ono, kenako n'kutsekeka. Kutsogolo kwake kunkathawa nyerere ndi ziwala, kumbuyo kwake kukutera akakowa, mazanamazana, osadziwika kumene anali miyezi yonseyi. Bambo wina pafupi nane anavula chipewa, inenso ndinapezeka ndavula changa. Patapita masiku ochepa anthu anayamba kugwira milamba m'mbali mwa njedza, yamoyo, yonenepa, pamalo pamene ine ndinadutsapo ndi ngolo fumbi lili koboo. Ndinachita mantha, mantha okoma, oti munthu umadziona kuchepa.

Apongozi anafika mu Malichi, kachikwama kali paphewa. Anapereka moni, anafunsa za ana, anamwa madzi. Za bwato sananene kanthu, ndipo nkhope yawo sinkawerengeka. Mawa lake dzuwa litakwera pang'ono anaima pakhomo paja.

"Apongozi, tiyeni tikadzutse mabwato."

Ntchito imeneyi imafuna anthu asanu ndi mmodzi. Amene anatitsatira anali ngati opita kumsonkhano. Che Amidu anatseka ntchito yake, amuna a bawo aja anali patsogolo, amayi ogulitsa mandasi anabwera ndi mabeseni awo omwe. Ine ndinkayenda ngati mbuzi yopita kumsika.

Tinalowa m'madzi. Anafika m'mawondo, m'chiuno, mpaka m'chifuwa. Paliponse panali pofanana, madzi otuwa ndi nsonga za njedza basi, ndipo kamtengo kamene tinazika ngati chizindikiro kanali katapita kalekale. Mumtima ndinayamba kuyembekeza kuti mwina sitiwapeza. Koma apongozi anaima, anayang'ana nsonga ya phiri la Chisi, anatembenuka n'kuyang'ana mtengo wautali wa mgwalangwa umene uli kumtunda, kenako denga la tchalitchi chathu kudzanja lamanja. Anasuntha mapazi asanu chammbali. Anayang'ananso. Anasunthanso awiri, n'kuponda pansi kawiri ndi chidendene.

"Pano."

Amuna anayamba kumira mosinthana, kukanda matope ndi manja, kuchotsa njedza zowola. Patapita nthawi wina anatulutsa mutu n'kunena kuti wagwira mlomo wa bwato. Tinachotsa matope a m'kati, tinagwira mbali zonse, tinayamba kuligwedeza, uku ndi uku, uku ndi uku. Pansi panamveka kufyonthoka, thovu linakwera, ndipo bwato lakale lija linatulukira pang'onopang'ono, mphuno poyamba, lakuda bii, likunyezimira. Tinakapa madzi ndi zigubu zodula. Madzi ankatsika, bwato likukwera, mpaka linayandama lonse, phee, ngati linangogona usiku umodzi. Apongozi analowetsa dzanja, anasisita pansi pake kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo. Panalibe podontha ngakhale pamodzi. Kenako analimenya pang'ono ndi chikhatho m'mbali, monga mmene umachitira ndi mnzako wakale, n'kunena chapansipansi kuti, "Mwadzuka bwanji, akulu?"

Mtengo umenewu unadulidwa ine ndisanabadwe. Amene anausema anapita kalekale. Nyanja inauthawa katatu, katatu konse unagona m'matope mu mdima n'kudzukanso, ndipo unali pamaso panga wokonzeka kunyamula munthu. Liwu langa lija linafika pakamwa lokha, ndipo kanali koyamba kuti likhale pamalo pake penipeni, koma ndinalephera kulitchula. Linkaoneka laling'ono.

"Tsopano linalo," anatero apongozi.

Limeneli silinavute kutuluka, ngati linkafulumira kudzandineneza. Madzi otuwa aja anayamba kuchita buluu, ndipo linatulukira lowala ngati lapakidwa dzulo, zilembo zoyera zili ngwee m'mbali, waya wanga ali m'mizere yake. Khamu linangoti chete, chete wa anthu amene akusunga mpweya woti asekere. Apongozi anandipatsa chigubu. Ndinakapa. Ndinakapa ndithu ndi mphamvu zanga zonse, madzi osatsika ngakhale chala chimodzi, mpaka Che Amidu anafuula kuti, "Achimwene, pang'onopang'ono! Nyanjayi yangobwera kumene, musatiumitsirenso!"

Apongozi sanaseke. Anayenda mozungulira bwato, anagwira waya, analowetsa dzanja mu mng'alu mpaka linatulukira pansi. Kenako analoza zilembo zija.

"Apa palembedwa chiyani?"

Ndinayang'ana madzi. "Ndi Chingelezi, bambo."

"Ndaona. Chikuti chiyani?"

"Chikuti... chinthu cholimba. Chokhalitsa."

Anagwedeza mutu. Anakanda penti uja ndi chikhadabo, mwamphamvu, n'kuyang'ana chala chawo. Panalibe chimene chinachoka.

"Pentiyu sananame," anatero.

Chiseko chimene chinaphulika pamenepo ndikhulupirira chinamveka ku Chisi. Ine ndinafuna kugwada kuti ndipepese, koma madzi anali a m'chifuwa, ndikanagwada ndikanamira (ndipo nthawi imeneyo kumirako sikunkaoneka koipa kwenikweni). Ndinangoti, "Bambo, ndinalakwa. Munandiuza." Nthabwala zinali zitatha. Bwato la ana anga linali litafa, ndipo ndinalipha ndine, ndi manja anga, nsomba zili pafupi kubwera.

Anthu atabalalika, tikukankha bwato lakale kupita ku doko, apongozi anandigwira pamkono n'kundibweza pamalo paja.

"Imani apa. Yang'anani phiri. Mwaiona nsonga yachiwiriyo? Tsopano tembenukani. Mgwalangwa uja ukhale pamsana panu ndendende. Denga la tchalitchi likhale paphewa ili. Apa pansi pali kasupe, matope ake sauma ngakhale nyanja itachoka zaka ziwiri. Anandionetsa malume anga."

Ulendo uno ndinayang'anadi. Ndinayang'ana mpaka maso anandiwawa.

"Ikadzathawanso, mwina ine kudzakhala kulibe," anapitiriza. "Akuluwa mudzawagoneka ndinu."

"Ine, bambo? Ndi zimene ndachitazi?"

"Inu amene. Pa Kachulu pano palibe wina amene akulidziwa dzuwa kuposa inu tsopano."

Ndinasamba kumaso ndi madzi a m'nyanja kuti asaone zimene zinkachitika m'maso mwanga.

Chaka chimenecho matemba anabwera ochuluka, ndipo ife tinkadya zimene apongozi atigawira kuchokera m'bwato lakale lija, kapena kugula pa doko ngati alendo. Mkazi wanga sanandikumbutse kawirikawiri, mwina kamodzi patsiku basi. Bwato labuluu tinalidula, mbali yong'ambika inapita pamoto, yakumbuyo ndi imene abakha akumweramo, ndipo penti wake mpaka lero sanasuluke. Mayeso ndinalemba, Chingelezi ndinakhoza, ngakhale liwu langa lija silinabwere n'komwe. Dzina la a Dyulabo ndiye linakhala, ndipo likuoneka kuti lidzafika kwa zidzukulu.

M'mawa uliwonse ndisanatsegule makina ndimaima pa doko n'kuyang'ana zinthu zitatu zija, phiri, mgwalangwa ndi denga, kuti zisandichoke m'mutu. Ndimayang'ananso bwato lakuda lija likamatuluka, apongozi ali chilili kumbuyo kwake, ndipo ndimakhala chete.

Koma penti uja anatsala theka la chitini, ndipo sabata yatha ndinaona kuti mtondo wa apongozi aakazi wayamba kuoneka wotuwa. Nditafunafuna chitinicho m'nyumba monse, mkazi wanga anandiuza kuti anachikwirira kalekale, pamalo abwino, ndipo phiri ndi mtengo zimene anayang'ana sadzandiuza.